Mabuleki saduka mwadzidzidzi, amayamba alankhula

Ngozi ikachitika pa mtsetse, mawu amene timamva pa wailesi amakhala omwewo nthawi zonse: galimoto inaduka mabuleki. Munthu ukamva choncho umaganiza kuti pali chingwe chimene chinali bwinobwino m'mawa, kenako masana n'kungothothoka chokha. Komatu buleki ya phazi m'galimoto zing'onozing'ono ndi m'maminibasi ilibe chingwe. Chingwe chili ku handibuleki kokha. Zimene timati kuduka nthawi zambiri zimakhala mathero a vuto limene lakhala likudziulula kwa masabata, mwina miyezi. Tayala linkalira, pedulo inkafewa, galimoto inkakokera mbali imodzi, botolo la brake fluid (mafuta a mabuleki) linkafuna kuwonjezeredwa Loweruka lililonse. Mwini galimoto anamva zonsezi, n'kuzizolowera. Zimandipweteka mtima chifukwa ambiri mwa mavutowa ndi otchipa kukonza akagwidwa msanga, ndipo munthu wamba atha kuwazindikira ndi khutu, phazi ndi mphuno zake asanafike n'komwe ku garaja.

Kuti mumve chimene mabuleki akunena, muyambe mwadziwa njira imene mphamvu ya phazi lanu imadutsa. Mukaponda pedulo, mphamvuyo imachulukitsidwa kaye ndi booster, chija chakuda chozungulira ngati mphika chimene chimakhala kuseri kwa injini, mbali ya dalaivala. Booster imadalira mpweya umene injini ya petulo imakoka ikamalira, pomwe m'galimoto za dizilo muli kapampu kapadera ka ntchito yomweyo. Kuchoka apo mphamvu imakankha master cylinder, pampu yaikulu ya mabuleki, ndipo iyo imakankha brake fluid m'mapaipi opita ku matayala onse anayi. Zamadzimadzi sizifinyika ngati mpweya, choncho zimene mwakankha kuno zimakafika uko zonse. Kutsogolo, fluid amatulutsa pisitoni ya mu caliper (chitsulo chimene chimagwira mapadi), mapadi awiri n'kupana disiki imene imazungulira pamodzi ndi tayala. Kumbuyo, galimoto zambiri zimene zadzaza m'misewu yathu, monga Probox, Demio, Hiace ndi Vitz zambiri, zili ndi madiramu. Mkati mwa diramu muli mashuzi awiri amene amatambasuka n'kukhuza khoma lake.

Ntchito ya zonsezi ndi imodzi: kusandutsa liwiro kukhala kutentha. Apa pali masamu amene dalaivala aliyense ayenera kuwasunga pamtima. Liwiro likawirikiza kawiri, kutentha kumene mabuleki ayenera kumeza kumawirikiza kanayi, ndipo mtunda woimira umatalikanso pafupifupi kanayi. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imadya mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Poima, kulemera konse kumatsamira kutsogolo, n'chifukwa chake mapadi a kutsogolo amatha msanga kuposa mashuzi a kumbuyo.

Choyamba kudandaula chimakhala khutu. Mapadi ambiri amabwera ndi kachitsulo kakang'ono kamene anakaika dala kuti kayambe kukanda disiki padi ikatsala pang'ono kutha. Kulira kwake n'kosongoka, tswii, ndipo nthawi zina kumamveka galimoto ikungoyenda n'kusiya mukaponda buleki. Kumeneko si kuwonongeka, ndi belu. Padi yatsopano imakhala yokhuthala mamilimita 10 mpaka 12, ndipo ikafika pa mamilimita 3 nthawi yosintha yakwana. Pa galimoto ya marimu otseguka mutha kusuzumira ndi tochi n'kuona nokha, koma dziwani kuti padi imene mukuionayo ndi yakunja, pomwe imene imakonda kutha msanga ndi yamkati. Kulira kwina n'kopanda vuto. M'mawa mvula ikagwa usiku, madisiki amachita dzimbiri lopyapyala limene limakhwekhwereza pang'ono n'kuchoka mukaponda kawiri katatu. Kamwala kolowa pakati pa disiki ndi chitsulo chotchinga kuseri kwake kamasokosa kwambiri moti mutha kuganiza kuti tayala likuchoka, chonsecho kukachotsa ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Koma phokoso likasintha n'kukhala lokukuta, ngati mukupera chitsulo pa mwala, ndiye kuti padi yatheratu ndipo chitsulo chake chikudya disiki. Pamenepa galimoto siyeneranso kuyenda ulendo wina kupatula wopita kokakonzetsa. Tsiku lililonse limene mwachedwa likusandutsa mtengo wa mapadi kukhala wa mapadi ndi madisiki, ndipo pisitoni ikatuluka mopitirira malire fluid amatayika nthawi imodzi.

Amakaniko akachotsa mapadi akale, musalole kuti angowataya. Aoneni, chifukwa amafotokoza mbiri yonse ya tayala limenelo. Ngati onse anayi a kutsogolo atha mofanana, zinthu zili bwino. Ngati imodzi yatheratu pomwe inzake ikadali yonenepa, kapena yatha mopendekeka ngati mpeni, ndiye kuti mapini amene caliper imatsetserekapo auma. Misewu yathu ya fumbi ndi matope a dzinja imang'amba timalabala totchinga mapiniwo, madzi n'kulowa, dzimbiri n'kumanga. Kuika mapadi atsopano osatsuka mapini n'kutaya ndalama, chifukwa pakangopita miyezi yochepa mudzabwereranso ndi vuto lomwelo. Ndipo gilisi wake si aliyense. Gilisi wamba wa mabeyaring'i amatupitsa labala, pini n'kumangika kuposa kale. Pamafunika gilisi wa silicone kapena wina wopangidwira mabuleki.

Phazi limadziwa zambiri kuposa khutu, bola munthu aphunzire kusiyanitsa zinthu zitatu. Yoyamba ndi pedulo yofewa ngati mwaponda matiresi, imene imalimba mukaipopa kangapo. Imeneyi imasonyeza kuti m'mapaipi mwalowa mpweya. Mpweya umafinyika, choncho mphamvu ya phazi imathera pofinya mpweyawo m'malo mopana disiki. Funso lofunika si la momwe mungautulutsire lokha, koma la komwe unalowera: mwina fluid anatsika kwambiri m'botolo, mwina pali podontha, mwina wina anamasula paipi n'kubwezeretsa osatulutsa mpweya. Pedulo imene imatsika kwambiri isanagwire, koma ikagwira imakhala yolimba, kawirikawiri imaloza ku mashuzi a kumbuyo amene atalikirana ndi diramu ndipo akufuna kuwasendeza.

Yachiwiri ndi pedulo yomira. Yesani izi galimoto itaima, injini ikulira: pondani ndi mphamvu yapakatikati, osawonjezera osachepetsa, kwa theka la mphindi. Ikamatsika pang'onopang'ono mpaka pansi, fluid akuthawira kwinakwake. Yang'anani kuseri kwa matayala onse, m'mapaipi a pansi ndi pamene master cylinder yalumikizana ndi booster. Ngati palibe ponyowa ndipo m'botolo fluid sakuchepa, ndiye kuti malabala a mkati mwa master cylinder atha ndipo fluid akungozembera mkati momwemo. Vuto ili ndi lonyenga, chifukwa mukaponda mwamphamvu buleki imagwira bwino, n'kudzakumirirani pamene mwaima pa maloboti mwakachetechete. Pa galimoto zochokera kumpoto kwa Japan, kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chipale chofewa, ndi bwino kuonanso mapaipi achitsulo a pansi, chifukwa dzimbiri limawadya mpaka kubowoka.

Yachitatu ndi pedulo youma gwa, imene muyenera kuiimirira kuti galimoto iime. Apa wokayikitsa ndi booster kapena paipi yake ya mpweya. Kuyesa kwake n'kosavuta. Zimitsani injini, pondani buleki kanayi kapena kasanu mpaka ilimbe, ndipo phazi lili pomwepo lizani injini. Pedulo iyenera kutsika pang'ono yokha. Ikapanda kutero, kapena mukamamva kaphokoso ka mpweya, fyoo, pansi pa chiwongolero, booster sikugwira ntchito yake. Nthawi zambiri chimakhala chinthu chotchipa, paipi yalabala yosweka, choncho musafulumire kugula booster ina musanaione paipiyo.

Za botolo la fluid pali kusamvetsa kumene kwafala. Brake fluid satha ngati petulo, ndipo sapsa ngati oyilo wa injini. Akatsika pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri, n'chifukwa choti mapadi akutha ndipo mapisitoni akutulukira kunja, fluid n'kudzaza malo otsalawo. Mukamangowonjezera mukuzimitsa chenjezo, ndipo tsiku loika mapadi atsopano fluid adzasefukira n'kusupula penti. Akatsika msanga, pali podontha, ndipo kuwonjezera si mankhwala. Nyale yofiira ya mabuleki ikayaka handibuleki ili yotsitsa, choyamba kuona ndi botolo limeneli.

Tsopano tifike pa nkhani ya mitsetse, pomwe ambiri amati mabuleki anaduka chonsecho palibe chinathyoka. Aliyense amene anatsikapo phiri la Chiweta, kapena msewu wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti, kapena kuchoka ku Blantyre kutsetserekera ku Chikwawa, amalidziwa fungo lija la mabuleki opsa limene limatsalira m'mbuyo mwa galimoto yolemedwa. Pali njira ziwiri zimene kutentha kumaphera mabuleki. Yoyamba, mapadi akatentha kupitirira muyeso wake amasiya kuluma. Pedulo imakhala yolimba ndithu, koma galimoto siima, ngati kuti wina wapaka sopo pa disiki. Yachiwiri ndi yoopsa kwambiri: fluid amawira. Akawira amapanga nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika ngati mpweya, pedulo n'kugwera pansi yopanda kanthu.

Chimene chimachititsa fluid kuwira msanga ndi madzi. Fluid wa mitundu ya DOT 3 ndi DOT 4, mayina amene amalembedwa pa botolo lake, amayamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono, ngakhale galimoto isanalowepo m'madzi. DOT 3 watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi ochepa chabe, osakwana magawo 4 pa 100 aliwonse, malire ake amatsikira pa 140. DOT 4 amachoka pa 230 kufika pa 155. N'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amati fluid azisinthidwa yense pakatha zaka ziwiri. Ndimaona kuti kuno anthu timasamala kwambiri za oyilo wa injini, mpaka kulemba makilomita pa kapepala, koma galimoto imatha kutsika sitima ku Dar es Salaam, kulowa pa Songwe, kuyenda zaka zisanu m'manja mwathu ndi fluid yemwe uja inabwera naye. M'tauni simudzadziwa kuti wafooka. Mudzadziwira pakati pa phiri, galimoto itadzaza ana ndi katundu. Choipitsitsa n'chakuti ikazizira, nthunzi imabwerera kukhala madzi, pedulo n'kulimbanso, ndipo munthu amapitiriza ulendo poganiza kuti zadzikonza zokha. Fluid amene wawirapo kamodzi ndi wotaya. Botolo lotsegula limene lakhala m'buti chaka chathunthu nalonso lamwa kale chinyezi. Ndipo DOT 5, wopangidwa ndi silicone, sasakanizidwa ndi enawa, ngakhale dzina lake likufanana ndi DOT 5.1 amene amagwirizana nawo.

Njira yopewera kutentha koteroko ili m'dzanja, pa giya. Potsika phiri lalitali, lowetsani giya yotsika musanayambe kutsetsereka, kuti injini izigwira galimoto. Pa automatic pali L, 2 kapena S, ndipo pa ma hybrid, galimoto zoyendera petulo ndi magetsi monga Aqua ndi Prius, pali B, imene anaiikira ntchito yomweyi. Buleki muziiponda mwamphamvu kwa kanthawi kochepa n'kuisiya kuti ipume, osati kugoneka phazi pamenepo kuyambira pamwamba mpaka pansi. Chizolowezi choika galimoto pa free potsika, chimene chimakula mafuta akamasowa, chimasenzetsa mabuleki katundu yense okha. Kuzimitsiratu injini ndiye n'kuika moyo pa chiswe, chifukwa booster imatsala ndi mpweya wokwanira kuponda kawiri kapena katatu basi. Galimoto zamakono zambiri zimadula zokha mafuta opita ku injini mukamatsika muli mu giya phazi litachoka pa moto, choncho phindu limene munthu akuganiza kuti akupeza pa free palibe. Zikakuvutani pa mtsetse, popani pedulo mofulumira, tsitsani magiya imodziimodzi, ndipo kokani handibuleki pang'onopang'ono chala chili pa batani, osati mokoka kamodzi. Mukaima, musathire madzi pa madisiki otentha. Asiyeni azizire okha.

Galimoto yokokera mbali imodzi imasokoneza ngakhale amakaniko ena. Ikamakoka pokhapokha mwaponda buleki, imapita kumbali imene ikugwira bwino, kutanthauza kuti vuto lili mbali inayo. Ikakokera kumanzere, yambani kufufuza kumanja: pisitoni yomangika, kapena padi yonyowa ndi fluid kapena gilisi. Ikamakoka mukungoyenda, n'kumalemera ngati yamangiriridwa katundu, pali buleki imene sikumasuka. Mukayenda makilomita ochepa, yandikizani dzanja pa rimu lililonse osalikhudza. Limene likutulutsa moto kuposa anzake ndilo lodwala. Musanaweruze caliper, kumbukirani paipi yalabala yopita ku tayalalo. Ikakalamba imatha kufutukuka mkati n'kumalola fluid kupita koma osabwerera, kunja ikuoneka yabwinobwino. Makaniko wodziwa amanyamula tayala, n'kumasula pang'ono kabawuti kotulutsira mpweya. Tayala likamasuka nthawi yomweyo, vuto lili ku paipi kapena kumtunda kwake. Likakhalabe lomangika, ndi caliper. Koma zonsezi zisanachitike, pimani mpweya wa m'matayala, chifukwa tayala lophwa pang'ono limakokanso chimodzimodzi.

Kunjenjemera poponda buleki pa liwiro lalikulu kumachokera ku disiki imene sinafanane kukhuthala kwake. Kukamveka pa chiwongolero ndi kutsogolo, kukamveka pa mpando ndi kumbuyo. Anthu amati disiki yapindika, koma gwero lake nthawi zambiri ndi dzimbiri limene linasiyidwa pamene disiki imakhalira, kapena manati a tayala omangidwa mosafanana, wina atachita kudumphira pa sipanala. Disiki itha kupalidwa pa makina, koma iliyonse ili ndi nambala yodindidwa m'mphepete, yolembedwa MIN TH, yosonyeza kupyapyala komaliza kololedwa. Ikadutsa pamenepo imatentha msanga ndipo itha kung'aluka.

Kunjenjemera kwina si matenda. Mukaponda mwadzidzidzi pa mchenga kapena pa msewu wonyowa, pedulo n'kumagunda phazi, tatatata, imeneyo ndi ABS ikuletsa matayala kukhwekhwereka kuti muthe kuwongolerabe. Musachotse phazi. Nyale yachikasu ya ABS ikayaka osazima, mabuleki wamba amagwirabe koma chitetezo chimenecho chazima. Gwero lake limakonda kukhala sensa ya pa tayala yodzaza matope kapena waya woduka, ndipo kompyuta ya ku garaja imatchula tayala lenileni m'mphindi zochepa. Kuzula babu kuti nyale isaoneke sikukonza chilichonse.

Madiramu a kumbuyo amaiwalika chifukwa saoneka. Handibuleki ikamakwera mpaka kumwamba, ambiri amathamangira kukoka chingwe, pomwe choyenera kuyamba ndi kusendeza mashuzi. Kuseri kwa diramu kukanyowa, kasilinda ka mkati kakudontha, ndipo mashuzi amene amwa fluid sachapika, amangofunika ena. Fumbi la m'diramu musalipemerere ndi pakamwa kapena ndi kompuresa, chifukwa mashuzi ena akale ndi ena otchipa amakhala ndi asbestos amene amawononga mapapo.

Pali njira zachidule zimene ndiyenera kuzitchula poyera chifukwa zimachitikadi. Tayala limodzi likamadontha, ena amapana kapena kutseka paipi yake kuti galimoto ipitirize kugwira ntchito ndi mabuleki a matayala atatu. Poyenda pang'onopang'ono simuona kusiyana, koma tsiku loponda mwadzidzidzi galimoto imatembenuka. Ena fluid akawathera panjira amathira madzi a sopo, amene amawira pa madigiri 100 okha n'kudyetsa dzimbiri masilinda onse. Oyilo wa injini kapena wa giyabokosi ndiye amatupitsa labala aliyense kuyambira ku master cylinder mpaka ku matayala, moti kukonza kwake n'kusintha zonse. Ndikumvetsa kuti mwini minibasi akuwerengera ndalama ya tsiku limenelo, ndipo zipangizo zakwera mtengo zedi. Koma anthu amene akwera m'galimotomo sanafunsidwe. Pepala la COF, lotsimikizira kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, nalonso limangonena za tsiku limene galimoto inayesedwa, silinena za lero.

Pokonza penipeni, mapadi, madisiki ndi mashuzi amasinthidwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, ngakhale mbali ina ikuoneka kuti ikadali ndi moyo. Galimoto isakhale pa jeke yokha munthu ali pansi pake, ndipo caliper isalendewere pa paipi yake yalabala. Imangirireni ndi waya. Potulutsa mpweya, zimene amakaniko amati kubulida, pamafunika anthu awiri: wina amapopa n'kugwira pedulo, wina amamasula kabawuti n'kukamanganso pedulo isanabwerere. Kawirikawiri amayambira tayala lakutali kwambiri ndi master cylinder, ngakhale galimoto zina zili ndi ndondomeko yakeyake, ndipo botolo lisaume pakati pa ntchito chifukwa mungayambirenso. Ma hybrid ambiri amafuna kompyuta pa ntchito imeneyi, choncho apititseni kwa amene ali ndi chida chake.

Mapadi atsopano akalowa, mapisitoni amakhala atabwezedwa mkati, ndipo kuponda koyamba pedulo imafika pansi osagwira kanthu. Galimoto isasunthe musanapope mpaka pedulo italimba. Mukatero pezani msewu wopanda anthu, thamangani makilomita 50 kapena 60 pa ola, n'kuchepetsa liwiro ndi buleki yapakatikati osaimiratu, maulendo 8 kapena 10, kuti mapadi akhazikike pa disiki. Kenako yendani pang'ono osaponda kuti zizizire, imani, onaninso fluid m'botolo, suzumirani kuseri kwa tayala lililonse ngati pali ponyowa, ndipo mukayenda makilomita 50 oyamba mubwererenso ku manati a matayala ndi sipanala.